Apongozi Anga Pamthuthuthu

Ntchito yanga ndi yogula mbewu. Ndimayenda m'midzi ya kwa Chulu ndi sikelo, matumba ndi pakamwa pangapa, kugula mtedza, soya, nthawi zina nyemba, n'kukagulitsa paboma. Amene sandikonda amanditchula venda. Amene amandikonda amanditchulanso venda, koma akumwetulira. Chibadwire sindinagulepo kanthu pa mtengo woyamba. Ngakhale singano ndimanenerera. Tsiku lina ndinanenerera bokosi la maliro a amalume mpaka kalipentala anandifunsa ngati malemuwo ndinkawakonda n'komwe.

Nditagula mthuthuthu, ndinkayesa malamulo a pamsewu nawonso ndi katundu wa pamsika. Paboma pali tala ndi apolisi, ndiye kumeneko ndinkavala chipewa. Chipewa chake chinali cha anthu omanga nyumba, chachikasu, chopanda lamba, chomwe ndinachitola pakaunjika motchipa mpaka ndinadzitama sabata yathunthu. Ndikangosiya tala n'kulowa msewu wafumbi, ndinkachivula n'kuchikoleka pahandulo. Nanga kudambo kuli wapolisi?

Chinanditsegula maso ndi mwendo wa akazi anga. Lamulungu lina tikuchokera kutchalitchi, iwo anakhala chammbali monga amakhalira amayi onse kwathu, miyendo yonse mbali imodzi, m'mutu muli duku basi. Nsonga ya chitenje inalowa m'masipoko a tayala lakumbuyo. Ndinangomva njinga yalemera, kenaka yapepuka. Nditacheuka, mayi ali gada m'mbali mwa munda wa fodya, mwendo wapsa ndi ekizozi, mutu uli pafupi ndi chitsa, mpata wake wongokwana chikhatho changa. Chitsacho ndinachiyang'ana nthawi yaitali.

Namwino amene anawatsuka bala anandifunsa ngati anavala chipewa. Ine ndinayamba kufotokoza kuti tinali m'msewu wafumbi, kumene malamulo safika kwenikweni. Iye sanatukule ndi mutu womwe. Anati lamulo limanena woyendetsa ndi wokwera onse avale, silitchula mtundu wa dothi.

Mwezi womwewo ndinakafola pamzere mpaka ndinatenga laisensi. Ndinagula zipewa ziwiri zenizeni, za lamba wa pachibwano. Kunenerera ndinanenererabe, musandiyese ndinasanduka mngelo, koma ulendo uno ndinanenerera chinthu choyenera. Kuyambira pamenepo wokwera njinga yanga amakhala motangadza, chitenje atachikwinyira bwino, chipewa atamanga, manja atandigwira. Munthu mmodzi basi, wachiwiri ayende pansi. Anzanga a pamsika anayamba kundipatsa sawatcha ndikamadutsa, amvekere, "Wafika trafiki wa kwa Chulu!" Ine ndinkabweza sawatchayo.

Zonsezi zinkayenda bwino mpaka pamene wofunika kukwera anakhala apongozi anga, mayi awo a akazi anga.

Mayiwa anali katswiri wosankha fodya. Akagwira tsamba ankadziwa gulu lake asanalitambasule, ndipo eni zigafa ankachita kuwalimbirana. Kenaka ng'ala inaphimba diso limodzi, patapita chaka inagwiranso linalo. Anafika pomayenda chogwira mpanda. Mdzukulu wawo wamng'ono, mwana wathu wachinayi, atabadwa, anamupapasa nkhope ndi zala n'kufunsa ngati wafanana ndi akwawo kapena akwathu.

Ndiye kutchalitchi analengeza kuti madokotala a maso akubwera kuchipatala cha paboma. Olembetsa afike Lachinayi m'mawa, wochedwa adzadikira ulendo wina, ndipo ulendo winawo palibe ankaudziwa. Munali mu Febuluwale. Mvula inali itakokolola kalavati, lole ya matola inasiya kufika kwathu. Ngolo zonse zinali kalikiliki kututa fodya, komanso ngolo ikanafika dzuwa litapendeka. Akazi anga anali ndi khanda la masabata atatu. Panatsala ine ndi mthuthuthu wanga.

Tsono muyenera kudziwa kuti pa zaka khumi ndi chimodzi za banja, ine ndi apongozi sitinayang'anizanepo m'maso. Tikakumana panjira, iwo ankapatukira m'munda n'kugwada atandifulatira, ine n'kunjuta uku ndikuwomba m'manja, moni n'kumaperekera kutchire. Kudyera limodzi ayi. Kupatsirana kanthu pamanja ayi. Mawu athu onse ankadzera mwa akazi anga. Ena a m'tauni amaseka zimenezi, koma ife tinakula nazo, ndipo zinatisunga osakangana zaka zonsezo. Zimavuta kukangana ndi munthu amene ukulankhula naye kudzera kutchire.

Lachitatu madzulo, dzuwa lisanalowe, tinakhala pansi kukambirana. Ine pakhonde, apongozi kuseri kwa mpanda wa kukhitchini, akazi anga pakati pamphasa akuyamwitsa.

"Uwauze bambowo asavutike," anatero mawu a kuseri kwa mpanda. "Ndikwera kabaza wa pagolosale. Uja si mkamwini wanga, ndikhoza kumugwira ngakhale khosi."

Akazi anga anatembenukira kwa ine. "Akuti musavutike."

"Ndamva, mayi. Muwauze kuti wa pagolosale uja chipewa alibe ngakhale chake chomwe, mabuleki amathandizira ndi chidendene, ndipo m'mawa amayamba wadzutsa magazi ndi kachasu."

"Akuti amamwa."

"Nanenso ndamva, sindine gonthi, ndine wakhungu. Uwafunse, akufuna ndikhale bwanji pa chinjinga chawocho?"

Apa ndinakonza kukhosi. Pamsika ukafuna kugulitsa umayambira pamwamba kuti ukhale ndi potsikira. Ndinatchula zonse: chipewa, kukhala motangadza, ndi kundigwira m'chiuno. Nditangomaliza ndinazindikira vuto langa. Potsikira panalibe. Chilichonse chomwe ndikanachotsapo chinali chomwe chija chinagwetsa mwana wawo pafupi ndi chitsa.

Kuseri kwa mpanda kunamveka kuwomba m'manja kamodzi, kwa munthu wodabwa.

"Ine? Nditangadze ngati mnyamata wa ng'ombe? Ndigwire chiuno cha mkamwini? Iwe, amuna akowa akudwala malungo?"

"Akuti mukudwala malungo?"

"Muwauze ndili bwino."

"Ndikhala chammbali, kumapeto kwenikweni kwa kaliyala, duku langa lili m'mutu. Ndikagwa ndagwa ndine."

Tinayamba ndi chipewa. Anati sangavale chipewa chomwe mwalowa mutu wa mkamwini. Akazi anga anawatsimikizira kuti chachiwiricho ine sindinachivalepo, n'chawo iwowo, ndipo achichapa ndi sopo. Anati nanga duku? Ndinati duku likhale mkati, chipewa pamwamba, palibe akuvula munthu. Pamenepo anavomera, koma anaonjezera kuti akafa ndi kutentha, mlandu ndi wanga.

Za kutangadza zinatenga nthawi. Ine ndinangokhala chete, chifukwa mkamwini sangakambe za miyendo ya apongozi ake. Akazi anga ndi amene ananyamuka, mwana ali kudzanja, n'kupita kuseri kwa mpanda. Ndinamva akunong'ona, kenaka anati, "Amayi, bweretsani dzanja." Ndinadziwa kuti akuwagwiritsa chipsera cha pamwendo chija. Atabwerera anandiuza kuti zatheka: avala buluku la akazi anga mkati, chitenje pamwamba, ndipo pokwera ine ndikayang'ane kumunda.

Koma za kugwira anakanitsitsa. Ndinayesa njira zonse za pamsika. Ndinayamikira, ndinadandaula, ndinanyamuka ngati ndikuchoka kuti mwina andiitana. Palibe anandiitana. Ndinazungulira nkhokwe n'kubwerera ndekha pakhonde pomwe paja, akazi anga akuseka mobisa nkhope m'chitenje.

"Muwauze," ndinatero pomaliza, "kuti ndimanga thumba kumsana kwanga ndi lamba. Agwire lambayo, asagwire ine."

"Lamba ali pathupi pa yani?" anafunsa apongozi, osadikira n'komwe kuti mawu awafikire.

Apa magazi anandithamanga, ndipo ndinalankhula mawu amene wamalonda salankhula asanaganize. Ndinati ngati sagwira, injini sindiliza. Ndiwakweza panjinga n'kuwakankha mpaka paboma.

Ndinkayesa ndawaopseza. Mawu anabwera ofatsa kuchokera kuseri kwa mpanda.

"Uwauze zikomo. Akankhe."

M'mawa kutangoyera, akazi anga anawaveka mayi awo. Anawakweza ine ndikuyang'ana kumunda monga tinapanganira, anawapondetsa mapazi popondera, anakwinyira chitenje pansi pa ntchafu, anamanga lamba wa chipewa pachibwano. Kenaka anandimanga ine thumba lopinda kumsana ndi lamba wa katundu, n'kumangitsa ngati belo. Anatenga dzanja la mayi awo kuti aliike palambapo. Dzanjalo linabwerera lokha n'kukakhala pamwendo.

"Bambo, mukankhadi?" anandinong'oneza akazi anga.

"Ndinanena."

"Inu mumanena zambiri."

"Izi ndiye ndinanenadi."

Ndinagwira mahandulo n'kuyamba kukankha.

Amene sanakankhepo mthuthuthu m'matope a kwa Chulu, pali munthu pamwamba, asandiuze za ntchito yolemetsa. Dothi lofiira lija limamata kumatayala mpaka tayala limasanduka mtondo. Chipewa changa ndinavala, poti ndinkaopa kuti ndikavula apongozi amva n'kuvulanso chawo. Thukuta linkatsikira m'maso. Kumsana thumba, kumapazi nsapato zolemera ngati njerwa.

Ndipo inali nthawi yothyola fodya, anthu onse ali m'minda m'mbali mwa msewu.

"Trafiki! Mafuta atha?"

"Alipo!"

"Nanga mwaigwira mlandu wanji njingayo?"

Wina anakuwa ali pachigafa kuti ndikanenerere kwa injini, mwina itsitsa mtengo. Amayi ena osoka fodya anaimirira n'kuyamba kuimba nthungululu ngati kukudutsa ukwati. Ndinkangowerenga mitengo ya m'mbali mwa msewu n'kumadziuza kuti ndikafika pa mtengo uwo ndipuma, ndikafikapo n'kusankhanso wina.

Kunena zoona, pamtunda woyamba maganizo anandibwerera. Mumtima munabwera kamawu kaja ka wamalonda: tsitsa pang'ono, liza injini, uyende pang'onopang'ono, sagwa. Ndinakaganizira ndithu. Koma kutsogolo kunali dambo la mchenga, ndipo ndinkalidziwa. Pamenepo tayala lakumbuyo limavina lokha. Munthu woona amaona mchenga ukubwera n'kukonzeka. Munthu wosaona, manja ali pamwendo, amangozindikira ali pansi. Ndinakankhabe.

Dzuwa linakwera. Ndinayamba kupuma ngati ng'ombe ya pangolo. Tinali titadutsa sukulu ndi chigayo, kutanthauza kuti ulendo tinali tisanauyambe n'komwe. Pa liwiro limenelo tikanafika paboma madokotala atalongedza.

Ndipamene apongozi analankhula. Sanalankhule kwa ine. Anagogoda thanki ya mafuta ndi chala.

"Iwe njinga," anatero, "uli ndi injini, kapena anakugula kuti uzikongoletsa pakhomo?"

Ndinaima. Panalibe akazi anga oti atipatsire mawu. Ndinayang'ana thanki ija, n'kuiyankha.

"Njinga, uwauze injini ilipo. Ikudikira manja."

"Njinga, dzuwa lili pati?"

"Uwauze lafika pamwamba pa mitengo ya bulugamu."

"Madokotala aja amadikira anthu okankhidwa?"

"Uwauze sadikira."

Ine ndinagwiranso mahandulo n'kuyamba kukankha. Sindinapite mapazi khumi.

"Njinga, mwini wakoyu ndi wouma mutu. Mwana wanga anakwatiwa ndi mwala."

"Uwauze mwalawo watopa, koma ufika."

"Afera panjira, anthu adzati ndapha mkamwini." Anapumira m'mwamba m'chipewa muja. "Lamba uja ali pati?"

Sindinayankhe, kuopa kuononga malonda. Wogula akatambasula dzanja, wogulitsa amatseka pakamwa. Ndinakwera mosamala, n'kukhala mowongoka kuti thumba liwayandikire. Ndinamva zala zikupapasa thumba, zikufufuza, kenaka zinapeza lamba. Dzanja limodzi, kenaka linalo. Anakoka kuyesa ngati walimba, mpaka mpweya unandithawa.

"Njinga, ndagwira thumba. Thumba lokha. Aliyense akafunsa, unene choncho."

Ndinaliza injini.

Tinayenda bwino mpaka padambo. Ndinatsitsa giya, n'kuuza thanki mokweza kuti kukubwera mchenga, aliyense amene wagwira thumba agwiritse. Tili pakati, tayala lakumbuyo linaterereka kupita kumanzere. Njinga inapendama. Ndinaponda pansi ndi mwendo, mchenga n'kundimeza mpaka m'kakolo. Kumbuyo ndinamva thupi lonse la apongozi likupita mbali imodzi, kenaka lamba anandikoka pachifuwa ngati akufuna kundidula pakati. Chipewa chawo chinagunda changa, kuti gu! Njinga inadzuka. Tinatuluka mumchengamo tonse awiri tili pamwamba.

Nditafika pouma ndinaima kuti mtima ukhale pansi. Lamba anali adakali wokokedwa.

"Njinga," ndinatero, "uwafunse ngati ali bwino."

"Uwauze ayendetse. Akuima chifukwa chiyani? Tachedwa kale ndi zokankha zawo zija."

Pakalavati wokokoloka uja anthu anali atayala matabwa. Apo ndinapempha mayi wina wodutsa kuti awatsitse n'kuwaolotsa pamanja, ine ndinaolotsa njinga. Kutsidya mayi yemweyo anawakwezanso, ndipo manja anapita okha palamba, osachita kuuzidwa. Titalowa tala pafupi ndi boma, wapolisi anatiimitsa. Anayang'ana laisensi, anayang'ana zipewa, kenaka anayang'ana thumba lomangidwa kumsana kwanga.

"Akulu, ichi ndiye chiyani?"

"Ndi apongozi anga awa, bwana."

Anayang'ana manja aja ali palamba, anayang'ananso ine. Anali munthu wa kwathu konkuno, sanafunsenso. Anandibwezera laisensi ndi manja awiri n'kutikodola kuti tipite.

Tinafika pachipatala mzere utafika kale pamtengo wa mango, koma kalaliki anali adakalemba. Apa panabuka vuto lomwe tonse atatu sitinaliganizire dzulo lake. Lamba wa chipewa anamanga ndi akazi anga. Apongozi anapapasa pachibwano, kachomangira kaja osakapeza. Ine ndinkakaona bwinobwino, kofiira, kongofuna kukanikiza ndi chala chimodzi. Koma chala changa pachibwano cha apongozi? Ndinatambasula dzanja, n'kulibweza. Iwo anamva kuti ndayandikira ndipo anabwerera m'mbuyo.

Nthawi inkatha. Ndinawatsogolera ndi mawu, ndikulankhula kwa mpanda wa chipatala, kuti apite kutsogolo, akhotere kumanja, aime. Analowa pamzere chipewa chili kumutu, pakati pa agogo a maduku ndi ndodo. Anthu anayamba kucheuka. Bambo wina wokalamba, amene diso limodzi linkaonako, anafunsa ngati awanso ndi dokotala.

Ndinathamangira namwino amene ankadutsa ndi mafayilo.

"Asisitala, pepani, ndithandizeni kuvula chipewa mayi awo."

"Inu manja mulibe?"

"Ndi apongozi."

Anandiyang'ana kuyambira kumatope a kumapazi mpaka kuthumba la kumsana, lomwe ndinali nditaiwala kumasula. Anaseka mpaka anatsamira khoma. Kenaka anapita, anakanikiza kamodzi, chipewa n'kuchoka. Duku linali litanyowa ndi thukuta koma lili m'malo mwake. Apongozi analikonza ndi manja awiri, n'kuimirira mowongoka.

Kalaliki analemba dzina lawo. Pambuyo pawo analembanso anthu owerengeka, kenaka anatseka buku. Amene anafika nthawi imeneyo itadutsa anauzidwa kuti adzamvera kutchalitchi. Ndinawaona akubwerera, ena atagwiridwa dzanja, ndipo ndinakhala pansi pa mtengo wa mango uja.

Anawachita opaleshoni ya diso lamanja mawa lake. Ine ndinagona kwa mnzanga wa kumsika, m'mawa n'kumabwera kudzakhala panja pa wodi ya amayi. Tsiku lomasula bandeji, namwino uja anatuluka n'kundikodola kuti ndiyandikire pawindo. Ndinaima chammbali, maso ndili pansi, monga mwa masiku onse. Mkatimo ndinamva apongozi akutchula zinthu chimodzichimodzi, ngati mwana woyamba sukulu: bedi, botolo, nsalu yobiriwira, ntchentche pakhoma. Anafunsa ngati chitenje chomwe avala n'chawo, poti sankadziwa kuti chili ndi maluwa achikasu.

Kenaka mawu anasiya. Ndinadziwa kuti atembenukira kuwindo.

"Asisitala, bambo aima apowo ndi amene anandibweretsa?"

"Eya, ndi omwewo."

"Akalamba chonchi liti?"

Namwino anaseka. Ine ndinayang'anabe pansi.

"Muwauze apite akadye, aonda. Akatero akatenge mwana wanga ndi khanda lija msewu ukauma, ndikufuna ndilione ndekha. Anthu akhala akundinamiza kuti lafanana ndi akwawo kwa bambowa."